Mphepo ya kwa Achimwene

Changu anafika ku ofesi m'mawa wa Lolemba mutu uli pa mayeso a ophunzira a chaka choyamba, amene anali mulu pa tebulo osachongedwa. Dzina loti Changu anamupatsa anzake ali ku sekondale, chifukwa ankayenda ngati wasiya mkaka pamoto, ndipo linamukanirira mpaka ku yunivesite kumene tsopano ankaphunzitsa fizikisi ndi kufufuza zakuthambo. Ofesi yake inali kumapeto kwa khonde la pamwamba, moyang'anana ndi chipinda chosungiramo mipando yothyoka. Anaika ketulo pamagetsi, n'kuyatsa kompyuta. Anati angosuzumira pang'ono zimene makina a mumlengalenga anatumiza kumathero a sabata, kenako ayambe kuchonga.

Tsiku limenelo sanachonge pepala ndi limodzi lomwe.

Chimene Changu ankafufuza chinali kweza. Kweza ndi pakatikati pa mlalang'amba wakutali kwambiri, pamene pali dzenje lakuda lomeza chilichonse cholisendera. Mpweya ukamazungulira dzenjelo podikira kumezedwa umatentha mpaka kuwala kuposa nyenyezi zonse za mu mlalang'ambawo kuziika pamodzi. Koma si wonse umene umalowa. Wina umakankhidwa n'kuthawira kunja ngati chimphepo, ndipo chimphepocho chikadutsa pakati pa kwezayo ndi ife, chimamwa kuwala kwina kusanatifike. Kuwala kumene Changu ankalondalonda n'kosaoneka ndi maso. Kwina n'kwa ekisileyi, kofanana ndi kumene amajambulira mafupa kuchipatala. Kwina n'kwa alutiravayoleti, kuja kumawaula khungu padzuwa, kumene a m'dipatimenti ankangoti yuvi kuti lilime lisatope. Kuwala kwa mitundu iwiriyi kukachokera kutali chonchi sikufika pansi pano, n'chifukwa chake makina okuonera amawaika mumlengalenga, ndipo akatswiri a m'mayiko ambiri amachita kulimbirana mpata wowagwiritsa ntchito.

Kweza wa Changu analibe dzina. Anali ndi nambala yaitali ngati ya foni. Koma kubanja kumene Changu anakwatiwa ankadziwika kuti achimwene. Apongozi ake aamuna, amene aliyense ankawatchula kuti Apulofesa, ndiwo anayamba kumufufuza adakali anyamata, asanaone mwana. Apongozi aakazi ankati mwana wachisamba wa m'nyumba mwawo ndi kwezayo, poti ndiye ankafunsidwa kaye mmene wadzukira, ena onse pambuyo. Ankaonjeza kuti dzina ndi kweza koma palibe chimene anakwezapo pakhomo, ngakhale thumba la makala. Mwana wawo weniweni, mwamuna wa Changu, anakula akufunsa bambo ake za moyo wa achimwene, ndipo atakula anakakhala wojambula ekisileyi pa chipatala chachikulu.

Apulofesa anatchuka ndi tizigwa titatu. Kuwala kwa yuvi kukamwazidwa ngati utawaleza, pa kompyuta kumaoneka ngati mzere wokwera ndi kutsika, ndipo pamene mpweya wamwapo, mzerewo umagwa n'kupanga kachigwa. Iwo anapeza tizigwa topapatiza titatu, n'kulemba kuti mpweya umene ukumwa pamenepo uli kutali kwambiri ndi dzenje, kumalire kwa mlalang'amba, ndi wopyapyala, ndipo sungasinthe munthu ali moyo. Zimenezi zinalowa m'mabuku. Changu anaziwerenga ali wophunzira, n'kuzikayikira chamumtima. Kenako anakwatiwa ndi mwana wa mwini mawuwo, ndipo chikayiko chake anachipinda bwinobwino n'kuchiika pansi pa sutikesi.

M'mawa umenewo, mzere wa ekisileyi unali utagwa. Osati kutsika pang'ono monga unkachitira nthawi zina, koma kugweratu ngati munthu wazimitsa nyali. Changu anayamba waganiza kuti makina afa. Anayang'ana nyenyezi zina zimene zinajambulidwa nawo pa chithunzi chomwecho, n'kupeza kuti zonse zikuwala monga mwa masiku onse. Anaimbira mnzake wakunja amene ankagwira ntchito kumene amayendetsera makinawo, ndipo mnzakeyo anamutsimikizira kuti makina ali bwinobwino. Ndipo Changu anagawa kuwalako pawiri, kofooka payokha, kwamphamvu payokha. Kwamphamvu kunalipo, kutangochepa pang'ono. Kofooka kunalibiretu.

Anaimirira, n'kukhalanso, n'kuimiriranso. Ketulo inali itawira n'kuzima yokha kalekale. Mkulu wa dipatimenti podutsa pakhonde anamuona akuzungulira tebulo manja ali kumutu, n'kufunsa ngati mwalowa njuchi. Changu anawakokera mkati ndi mkono wa jekete, ulemu wonse utathawa, n'kuwalozera pa kompyuta. Mkuluyo anali katswiri wa zamagetsi, za makweza sankazidziwa kwenikweni, koma anamvetsa kuti mayeso a chaka choyamba achedwa, ndipo anatuluka akupukusa mutu uku akumwetulira.

Chimene Changu ankaona chinali chakuti chinachake chabwera pakati pa kwezayo ndi ife, ndipo chabwera kumene. Kuti adziwe kuti n'chiyani, chikuthamanga bwanji, chili pati, ankafunika kuona yuvi mwamsanga, chinthucho chisanadutse. Makina a yuvi anali ena, ndipo mpata wake unkagawidwa chaka chisanayambe. Komabe komiti yake inkalola pempho ladzidzidzi munthu akaonetsa kuti kudikira n'kutaya mwayi. Anatsegula tsamba loyera n'kuyamba kulemba. Ndime yoyamba inayenda ngati madzi. Pa ndime yachiwiri zala zinauma, chifukwa apa ndi pamene ankayenera kunena poyera kuti zimene zinalembedwa kale za kwezayu mwina zinaphonya.

Anaimbira mwamuna wake. Mwamunayo anamvetsera ali pakati pa odwala, n'kuseka, n'kunena kuti iye ndi wobadwa wachiwiri, milandu ya achimwene sangailowerere. Koma atasiya nthabwala anamuuza kuti apite yekha akawauze madala pamaso, zisadzawapeze kudzera m'manja mwa anthu ena. Anamukumbutsanso kuti chipumireni pa ntchito Apulofesa, amayi anaika lamulo loti dzina la kweza lisamatchulidwe pakhomo, chifukwa adokotala ananena kuti magazi awo amathamanga, asamatengeke ndi zinthu.

Changu anafika kwa apongozi dzuwa litapendeka. Anapeza Apulofesa pakhonde, atayala nyuzipepala, akumasula wotchi yapakhoma imene inalibe vuto lililonse. Chipumireni anali atamasula wailesi, nsimbi yamagetsi ndi loko wa kubafa, ndipo zina mwa izo sizinabwererenso m'chimake. Apongozi aakazi anali pa makina osokera pafupi ndi zenera, akupinda katani. Changu anapereka moni, anafunsa za miyendo, za mankhwala, za mpopi umene unkadontha. Anafunsanso za mpopi kachiwiri. Apongozi aakazi anaimitsa makina n'kuyang'ana chikwama cha laputopu chimene mpongozi wawo anachikumbatira ngati khanda.

"Chikwama chimenecho si cha moni," anatero. "Nenani, amayi. Achita chiyani mwana wathu wosabwera kudzationa uja?"

Changu anatsegula laputopu pamwamba pa nyuzipepala, tizitsulo ta wotchi n'kumwazika. Apulofesa anasintha magalasi, n'kuyang'anitsitsa mzerewo. Kenako anati palibe chachilendo, kweza amaodzera nthawi zina, chakudya chikachepa pa dzenje kuwala kumachepa. Changu anadina batani lina. Anangosonyeza chithunzi chachiwiri, chimene anagawa kuwala kofooka ndi kwamphamvu. Madalawo anasendeza mpando. Chala chawo chinayenda pa galasi la laputopu kuchokera kumanja kupita kumanzere, n'kuima pamene mzere unathera m'malere.

Mwamuna wa Changu anatulukira nthawi imeneyo, akadali mu yunifolomu, ati amangodutsa. Mayi ake anamuuza kuti poti wabwera, awamasulire zimene anthu awiriwa akuyang'anitsitsa ngati aona njoka m'nyumba. Iye anafotokoza ndi za kuntchito kwake. Anati akamajambula munthu, ekisileyi yofooka imathera mu mnofu, yamphamvu ndiyo imaboola n'kukafika pa filimu. Ndiye nyali ikangofooka yokha, kuwala konse kumachepa mofanana. Koma kofooka kukasowa, kwamphamvu n'kutsala, ndiye kuti pali chimene chaima panjira.

"Basi tingoti achimwene ako afunda bulangete," anatero mayi ake, n'kubwerera pa katani wawo.

Apulofesa anavomera za bulangetelo. Koma anati ndi kamtambo chabe, kali pakamwa penipeni pa dzenje, kotentha kwambiri moti ku yuvi sikangasiye chizindikiro. Tizigwa tawo titatu tikapezeka monga anatisiyira, chifukwa mpweya wakumalire sudziwa n'komwe zimene zikuchitika pakati. Ankalankhula mokoma mtima, ngati akuwongolera wophunzira wabwino amene wathamanga magazi. Changu anayang'ana mwamuna wake, mwamunayo n'kuyang'ana kudenga.

"Bambo," anatero Changu, maso ali pa tizitsulo ta wotchi, "ine ndikuona ngati mpweya wanu uja suli kutali monga munalembera. Ndikuganiza kuti uli pafupi, ndi wothithikana, ndipo ndi womwewo umene waphimba ekisileyi. Tikajambula yuvi tipeza tizigwa tija titasintha."

Makina osokera anaima. Apulofesa anatembenukira kwa mpongozi wawo.

"Maganizo amenewa mwayamba liti?"

"Ndisanalowe m'banja muno, bambo."

Apulofesa anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo Changu anazindikira mochedwa kuti akuseka. Anati zaka zonsezi mpongozi wawo wakhala akuwathirira tiyi, kuwafunsa za shuga, ali ndi mfuti yotere m'thumba. Anati anzawo akunja amawatsutsa chaka ndi chaka ndi mfundo zopanda mchere, osadziwa kuti mdani weniweni amadya naye mbale imodzi. Analamula mwana wawo kuti achotse zitsulo zija pa tebulo, pempho lilembedwe dzuwa lisanalowe.

Analilemba awiri, wina pa laputopu, wina akuyendayenda kumbuyo kwake manja ali kumsana. Madala anakana mawu oti mwina, ati komiti sipereka makina kwa anthu a mwina. Anauza Changu kuti alembe zimene akuyembekeza kupeza mosapsatira, kenako iwo anaonjezera ndime yawoyawo yonena kuti mmodzi wa opempha akutsutsa zonsezi ndipo akufuna kuona ndi maso ake. Apongozi aakazi anabweretsa tiyi kawiri, ulendo wachiwiri atanyamulanso kamakina koyezera kuthamanga kwa magazi, koma Apulofesa anabisa mkono pansi pa tebulo ngati mwana wothawa jakisoni.

Komiti inayankha sabata isanathe. Inavomera, koma inati makina ali ndi ntchito zina pamzere, ndipo adzatembenukira kwa kwezayo mpata ukapezeka m'mwezi womwewo. Apa ndiye panayambira kudikira. Changu anachonga mayeso aja mothamanga, akusuzumira foni pepala lililonse likatha. Makina a ekisileyi ankapitiriza kutumiza zawo, ndipo nthawi iliyonse ankatsegula ali ndi mantha kuti apeza bulangete lafundukuka, mwayi wapita. Linali likadalipo. Apulofesa ankaimba m'mawa uliwonse, ati akufuna kumva za mdzukulu wawo, mwana wa Changu, ngati chifuwa chatha. Mdzukuluyo sankadwala chifuwa. Akamaliza za chifuwazo ankatsitsa mawu, kuopa akazi awo, n'kufunsa ngati kumwamba kwabwera kanthu.

Tsiku limene kunabwera kanthu linali loti Apulofesa akaonane ndi adokotala awo a mtima. Changu ndiye anawatenga pa galimoto, iwo ndi apongozi aakazi, poti m'mawa umenewo analibe kalasi. Anakhala pa benchi la m'khonde la chipatala, pakati pa mayi wina wa pulasitala kumwendo ndi bambo wina amene ankangowerenga chikalata cha pakhoma chonena za kusamba m'manja. Fungo la mankhwala okolopera linali ponseponse. Mzere unkayenda pang'onopang'ono, nesi akutuluka, kuitana munthu mmodzi, n'kutsekanso chitseko.

Foni ya Changu inanjenjemera m'chikwama. Anaiyang'ana, n'kuimirira osadziwa kuti waimirira. Apulofesa sanafunse n'komwe. Anangoti, "Thamangani," ndipo Changu anatsika masitepe awiriawiri kukatenga laputopu ku galimoto, akuzemba machira ndi anthu a ndodo, mlonda wa pageti akumukuwira kuti muno sathamanga.

Pa benchi paja netiweki inali yofooka, zimene makina a yuvi anatumiza sizinkalowa mu laputopu. Anaimbira mwamuna wake, amene chipinda chake chogwirira ntchito chinali kumapeto kwa khonde lomwelo. Iye anawalowetsa m'kachipinda kamene madokotala amaonera zithunzi, kopanda zenera, kokhala ndi tebulo limodzi, mipando iwiri ndi bokosi lowala pakhoma, pamene panali patapachikidwa chithunzi cha nthiti za munthu wina. Apongozi aakazi anatsala pa benchi kusunga malo pamzere, atachenjeza kuti dzina likaitanidwa adzabwera kudzawakoka ndi khutu, upulofesa wawo womwewo.

Zimene makina amatumiza sizibwera zophikaphika. Changu anayenera kuziyeretsa kaye, kuchotsa phokoso la makina, kulumikiza zidutswa. Analakwitsa kulemba lamulo lina kawiri, madala ali chiimire pambuyo pake akupumira m'khosi mwake, akufunsa ngati kompyutayo ilibe giya ina. Pomaliza mzere unatuluka. Changu anaika wakale, uja wa Apulofesa, mu utoto wakuda, watsopano mu utoto wofiira pamwamba pake, n'kukulitsa pamalo pa tizigwa titatu.

Tinali titasintha. Tonse titatu tinali pamalo pake pomwe, koma titazama, ndipo pambali pake panali patamera tizigwa tina tating'ono timene m'mzere wakuda munalibe. Changu anagwira pakamwa. Kenako analoza ndi chala. Apulofesa anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Anatchula mayina a timaatomu timene timamwa kuwala pamalo amenewo, kamodzikamodzi, ngati akuitana ana a m'kalasi imene anaiphunzitsa kalekale. Kenako anakwinya nkhope. Anati pali chimene sichikuwayendera: mzere wofiira wonse ukuoneka wotsika kumanzere, ngati tebulo lothyoka mwendo. Changu anati mwina walakwitsa poyeretsa. Iwo anati ayi, abwerere m'mbuyo, achepetse chithunzi, aone chonse.

Anachepetsa. Ndipo chinaonekera. Kumanzere kwa tizigwa tija kunali chigwa chachikulu, chotakata moti poyang'ana pafupi munthu sakanadziwa kuti ali m'kati mwake. M'mzere wakuda munalibe ngakhale fungo lake.

"Mayo ine," anatero Apulofesa chapansipansi. "Iyi ndi mphepo yatsopano, amayi. Yabadwa ife tikuona."

Anatenga envulopu yaikulu ya khaki yoikamo zithunzi za odwala, yopanda kanthu, n'kusolola cholembera m'thumba la mwana wawo osapempha. Mpweya ukamathamangira kumene kuli ife, chigwa chake chimasendera kumanzere, ndipo kukula kwa kusenderako ndiko kumanena liwiro. Changu ankawerenga manambala pa kompyuta, iwo akuchulukitsa pamanja. Yankho litatuluka anabwereza, poganiza kuti aphonya. Linatulukanso lomwelo: makilomita masauzande ambirimbiri pa sekondi imodzi, kuposa mpweya wa tizigwa tija kakhumi n'kupitirira. Mwamuna wa Changu anafunsa kuti zimenezo ndiye kuti chiyani m'chilankhulo cha anthu. Mkazi wake anamuuza kuti mphepo imeneyo ikhoza kudutsa dziko lonse lapansili, uku mpaka uko, iye asanamalize kuyetsemula.

Kuchokera apo ankalankhula molandizana, wina kuyamba chiganizo wina kumaliza. Mphepo yatsopanoyo yanyamuka pafupi ndi dzenje, ndipo ndi imene yamwa ekisileyi. Ndiye kuti Changu anaphonya poganiza kuti waphimba ndi mpweya wakale uja. Koma mphepoyo poima pamenepo yachititsa mthunzi, ndipo mpweya wakale, umene kale unkawombedwa ndi ekisileyi, tsopano uli mumthunzimo, wayamba kuzizira, n'chifukwa chake tizigwa tazama ndi kumera tina. Apa Apulofesa anayang'ananso envulopu ija. Ankadziwa okha chotsatira. Mpweya wopyapyala umachedwa kumva kuti mthunzi wafika, umatenga zaka mazanamazana. Uwu wamva m'masabata ochepa. Anatembenuza envulopu n'kuyamba masamu ena kuseri kwake, pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atamaliza anazunguliza yankho, n'kulemba pambali pake nambala imene anaisindikiza m'mabuku ali anyamata. Ziwirizo zinali zotalikirana ngati dzuwa ndi mwezi. Mpweya wawo sunali kumalire kwa mlalang'amba. Unali pakhomo penipeni pa kwezayo.

Changu anachita mantha kuwayang'ana. Koma atadzutsa maso anapeza nkhope ya madala ikuwala ngati bokosi la pakhoma lija. Anamenya envulopu ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena kuti moyo wawo wonse akhala akulozera anthu nyumba yolakwika, ndipo palibe tsiku limene anasangalalapo pa ntchito ngati limeneli. Anati mpweya ukakhala chete munthu umangolota mtunda wake, koma lero wayankhula wokha. Anagwira dzanja la mpongozi wawo ndi manja onse awiri n'kuligwedeza mwamphamvu, monga ankachitira ndi akatswiri anzawo ku misonkhano, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatireni mwana wawo. Changu anaseka misozi ili m'masaya. Mwamuna wake anati zikomo kuti zithunzi zimene zimaonedwa m'chipinda chimenecho kawirikawiri sizisangalatsa anthu chonchi.

Chitseko chinatseguka. Anali apongozi aakazi, nesi ali pambuyo pawo. Dzina linali litaitanidwa katatu.

Nesi atakulunga lamba pamkono wa Apulofesa n'kuona manambala, anayang'ana makina ake, n'kuyang'ana madala, n'kuyezanso mkono winawo. Anafunsa ngati akwera masitepe mothamanga kapena alandira uthenga wa maliro. Apulofesa anati ayi, alandira uthenga wa kubadwa. Adokotala anawakhazika pa bedi kuti apume kaye asanawayezenso, n'kuletsa kuti laputopu isalowe m'chipindamo. Sizinathandize kwenikweni. Changu ali pakhomo ankawamva akufotokozera nesi uja kuti kuwala kumene akuona lero kunanyamuka kwa kwezayo padziko pano pasanamere mtengo ndi umodzi womwe, ndipo kwayenda ulendo wonsewo kudzafika Lachinayi, tsiku lawo la sikelo. Apongozi aakazi anakhala pa benchi manja ali pachifuwa, n'kuuza Changu kuti akawapha amuna awo, wodzawasamalira iwo pa umasiye ndi iyeyo pamodzi ndi kweza wakeyo. Koma patapita kanthawi anamukodola ndi chigongono, n'kufunsa motsitsa ngati n'zoona kuti madala anaphonya. Changu atavomera, anagwedeza mutu mokhutira, nati anadikira nthawi yaitali kuti wina awauze.

Kuyeza kwachiwiri kunatuluka bwinoko, ndipo adokotala anangosintha mankhwala pang'ono.

Madzulo a tsiku lomwelo Changu anatumiza uthenga wachidule kwa akatswiri anzake m'mayiko ena. Mmene kunkacha, mayankho anali atadzaza. Ena ankapempha kuti atembenuzire makina awo kwa kwezayo, ena ankafunsa ngati angalowe nawo m'gulu, mmodzi ankatsutsa zonse ndipo Apulofesa anati ameneyo amusiyire iwo. Funso lalikulu linali loti mphepo yotereyi imanyamula mpweya wochuluka bwanji, chifukwa ikakhala yamphamvu mokwanira ikhoza kusesa mpweya umene mlalang'amba umaumbira nyenyezi zatsopano. Kuyankha zimenezo kunkafuna kujambula mobwerezabwereza, ndipo ulendo uno komiti sinachite kunyengereredwa. Miyezi inadutsa ekisileyi yofooka ikadali yophimbika, chigwa chachikulu chija chikuzama uku, kuphwa uko, osakhazikika. Palibe amene ankadziwa kuti mphepoyo idzaleka liti.

Nkhani yawo inatuluka m'magazini ya akatswiri chaka chisanathe, dzina la Changu lili patsogolo. Ndime yofotokoza kuti mtunda wakale unali wolakwika analemba ndi Apulofesa eni ake, ndipo akonzi anawapempha kuti achepetseko mawu odzinyoza.

Mkulu wa dipatimenti anatulutsa mipando yothyoka m'chipinda choyang'anana ndi ofesi ya Changu, n'kuikamo tebulo ndi kompyuta. Apongozi aakazi anavomera kuti madala azipitako kawiri pa sabata, m'mawa mokha, mankhwala ali m'thumba, ati bola zimenezo kusiyana n'kuti amasule firiji. Vuto linali loti m'nthawi yawo zonse ankachita ndi mapulogalamu amene tsopano kulibe. Anapempha mpongozi wawo kuti awaphunzitse atsopanowa kuyambira pa chiyambi, ndipo anachita kunena kuti asawamvere chisoni.

Anali wophunzira wovuta. Ankalemba ndi zala ziwiri, akuyang'ana batani lililonse ngati lingawalume, ndipo kompyuta ikakana ankaiyankha mokweza mawu. Koma sankajomba. M'mawa wina Changu akukonzekera kalasi anamva chitseko cha chipinda chija chikumenyetseka, kenako madala anatulukira pakhomo pake akupuma mofulumira, magalasi ali pamphumi. Anati asiye zonse abwere adzaone. Anali atajambula okha mzere wawo woyamba popanda wowathandiza, kuchokera pa zimene makina anatumiza sabata imeneyo, ndipo chigwa chachikulu chija chinali chitasamukira kumanja. Mphepo yatembenuka, anatero, ikubwerera m'dzenje, chinthu chimene palibe anachionapo mwa kweza ameneyu.

Changu anawerama pa kompyuta yawo n'kuwerenga malamulo amene analemba. Pa mzere wachinayi, pamene pankayenera kukhala chizindikiro chochotsera, panali chophatikiza, ndipo ndicho chinasamutsa chigwacho, osati mphepo. Anayang'ana madala, amene anali atayamba kale kufunafuna pepala loti awerengerepo liwiro la mphepo yobwerera. Anakoka mpando n'kukhala, nawafunsa kuti akuganiza kuti chingaibweze n'chiyani. Anawalola afotokoze maganizo awo onse, awiri abwino ndithu, kenako anasendeza kiyibodi n'kuwalozera mzere wachinayi.